Kulota Ukudziwa Kuti Ukulota: Kumene Zinachokera ndi Poyambira Pake

Ndiyambe ndi funso. Munayamba mwalotapo galu akukuthamangitsani, miyendo ikulemera ngati mwaponda m'matope, kenako mumtima n'kunena kuti, aaa, koma awatu ndi maloto? Ambirife tikafika pamenepo timadzidzimuka n'kudzuka, mtima uli thi thi thi. Koma alipo ena amene sadzuka. Tulo timapitirira, malotonso amapitirira, iwo akudziwa bwinobwino kuti thupi lawo lili gone pabedi, ndipo amayamba kusankha okha chochita: kuima, kutembenuka, kumuyang'ana galuyo, ngakhale kuuluka kumene. Pachingerezi amati lucid dream. Ife liwu limodzi tilibe, ndiye ndizingoti maloto ozindikira.

Mukafufuza nkhaniyi pa intaneti simuchedwa kukumana ndi liwu lina loyenda nayo limodzi, magick, lokhala ndi k kumapeto. Apa ndi pamene achinyamata ambiri amasokonezeka. Ena amathawa poganiza kuti zonsezi n'za satana, ena amathamangira komweko poganiza kuti apeza njira yachidule yolemerera. Ine ndine wa pamsika, ndimagulitsa nyemba ndi mtedza, ndipo ntchito yathu ili ndi lamulo lake: thumba usalipire usanapise dzanja mpaka pansi. Ndiye musanayambe chilichonse, tiyeni tipise dzanja m'mbiri ya zinthu ziwirizi, tione kuti nyemba zili pati, miyala ili pati.

Maloto ozindikira si za lero. Aristotle wa ku Greece, amene anamwalira zaka 322 Yesu asanabadwe, analemba kale kuti nthawi zina munthu ali mtulo pamakhala kenakake mkati mwake komuuza kuti zimene akuonazo ndi maloto chabe. Anangotchula n'kudutsa. Nkhani yeniyeni yokhala ndi munthu ndi dzina lake inalembedwa mu Africa momwe muno. M'chaka cha 415, Augustine, bishopu wa ku Hippo, kumene lero kuli dziko la Algeria, analembera kalata mnzake Evodius yosimba za dokotala wina dzina lake Gennadius, wodziwika ku Carthage, amene kale ankagwira ntchito ku Rome.

Dokotalayu ankakayika ngati munthu akafa pamakhalanso moyo wina. Usiku wina analota mnyamata wooneka bwino atamutenga n'kupita naye kumzinda kumene kunkamveka nyimbo zokoma zedi. Kutacha anangoti ndi maloto basi. Usiku wotsatira mnyamata uja anabweranso, n'kumufunsa ngati akumukumbukira. Gennadius anavomera, n'kufotokoza zonse za dzulo lake. Mnyamatayo anafunsanso ngati zimenezo anaziona ali maso kapena ali mtulo, iye n'kuyankha kuti ali mtulo. Pamenepo anamuuza kuti ngakhale tsopano lino ali mtulo. Kenako mafunso anatsatana. Thupi lake lili kuti? Kuchipinda. Maso ake ndi otseka? Inde, ndi otseka. Nanga akumuona ndi maso ati? Dokotala kukamwa kunangoti pululu. Augustine anasimba nkhaniyi pofuna kutsimikizira za moyo wa mzimu, koma taonani chimene chinachitika: munthu anakambirana ndi wina m'maloto, akudziwa kuti akulota, akukumbukira ngakhale kumene thupi lake lagona. Amene mumati nkhaniyi ndi ya anthu osapemphera, dziwani kuti woyamba kuilemba mwatsatanetsatane anali bishopu.

Kum'mawa, amonke a Chibuda a ku Tibet anaisandutsa phunziro. Chiphunzitsochi chimatchulidwa ndi dzina la Naropa, mphunzitsi wa ku India wa zaka pafupifupi 1,000 zapitazo, ndipo anapita nacho ku Tibet ndi wophunzira wake Marpa. Wophunzira ankauzidwa kuti masana onse aziona zinthu ngati maloto, kuti usiku chizolowezicho chimutsatire. Akazindikira kuti akulota, alowe dala pamoto kapena m'madzi kuti mantha athe. Cholinga chawo sichinali kusangalala ayi. Kunali kukonzekera imfa.

Munthu amene ine amandisangalatsa kwambiri m'mbiri yonseyi ndi Mfalansa wina, Hervey de Saint-Denys, amene anabadwa mu 1822 n'kumwalira mu 1892. Ntchito yake inali yophunzitsa Chitchaina ku Collège de France mu Paris. Anayamba kulemba ndi kujambula maloto ake ali ndi zaka 13, ndipo anadzaza makope 22 okhala ndi maloto a mausiku 1,946. Chimene anapeza n'chakuti pamene ankalemba kwambiri, ankakumbukiranso kwambiri, ndipo patapita miyezi anayamba kumazindikira ali mkati mwa maloto. Mu 1867 anatulutsa buku lonena za maloto ndi njira zowawongolera, koma sanaikepo dzina lake. Bukulo linasowa mwakuti ngakhale Sigmund Freud, katswiri wa maloto uja, analifunafuna osalipeza.

Bamboyu anali ndi mtima woyesa zinthu. Ulendo wina anakakhala masabata awiri kudera lamapiri lotchedwa Vivarais, atatenga botolo la perefyumu watsopano. Tsiku lililonse ali kumeneko ankanunkhiza perefyumuyo pa kansalu. Atabwerera kwawo anatseka botolo osaligwiranso kwa miyezi ingapo, kenako n'kulipereka kwa wantchito wake kuti tsiku lina, osamuuza, adonthezere pa pilo iye ali mtulo. Masiku anadutsa osalota za kumeneko. Tsiku limene analota mapiri a Vivarais, atafunsa anapeza kuti ndi tsiku lomwelo limene wantchito anadonthezera. Mwaona? Sanafune kudzinamiza yekha, ndiye anabisa tsikulo kwa iye mwini. Ameneyu akanakhala wa pamsika sakanamubera ndi sikelo yopotoka.

Analinso ndi maloto oipa obwerezabwereza, akuthamangitsidwa ndi zilombo m'zipinda zotsatizana, zitseko zikuvuta kutsegula. Ulendo wachinayi anazindikira kuti akulota. M'malo mothawa anatsamira khoma n'kuchiyang'anitsitsa chilombo chachikulucho, kuwerenga zikhadabo zake ndi kuona nkhope yake, mpaka chinayamba kufwifwa n'kusanduka chinthu chopanda pake. Malotowo sanabwerenso. Kwa ine phindu lenileni la nkhani yonseyi lagona pamenepa, makamaka kwa inu amene mumaopa kugona chifukwa cha loto limodzimodzi lokuzunzani chaka ndi chaka.

Dzina loti lucid dream linatchuka ndi dokotala wa matenda a maganizo wa ku Netherlands, Frederik van Eeden. Mu 1913 anawerenga pepala lake ku bungwe la Society for Psychical Research ku London, atalemba maloto ozindikira 352 kuyambira 1898 mpaka 1912. Limodzi mwa malotowo anayesa kuswa kapu yagalasi ndi chibakera, kapuyo osasweka. Atayang'ana kumbali n'kubwezanso maso anapeza yasweka yokha, mochedwa, ngati wosewera amene waiwala nthawi yake yolowera.

Tsopano tibwere ku magick uja. Mu 1888 amuna atatu, Westcott, Mathers ndi Woodman, anayambitsa ku London gulu lachinsinsi lotchedwa Golden Dawn. Munali madokotala, anthu a zisudzo ndi alembi, kuphatikizapo mlakatuli W. B. Yeats. Ankasakaniza ziphunzitso zakale za Ayuda, milungu ya ku Egypt, nyenyezi ndi makadi a tarot. Chimodzi mwa zimene ankachita chinali kuyang'anitsitsa kachizindikiro kopakidwa utoto wowala, kutseka maso, n'kuganiza kuti kachizindikiroko ndi khomo ndipo iwo akulowa. Zimene ankaona mkatimo ankati ndi ulendo wa mzimu. Mngelezi wina wolemba ndi dzina loti Oliver Fox analota mu 1902 ali panja pa nyumba yawo, n'kuona kuti miyala ya m'njira yayalidwa mosiyana ndi masiku onse. Pomwepo anazindikira kuti akulota. Iye anamasulira kuti mzimu wake watuluka m'thupi, ndipo kuchokera kwa anthu ngati amenewa maloto ozindikira anayamba kugulitsidwa mulu umodzi ndi zamatsenga.

Amene anatchukitsa k wa kumapetoyo ndi Aleister Crowley, wobadwa mu 1875, amene analowa Golden Dawn mu 1898. Ankafuna kusiyanitsa zake ndi matsenga a pasiteji, aja otulutsa kalulu m'chipewa. Kwa iye magick kunali kusintha zinthu kuti zitsate chifuniro cha munthu. Mukawerenga malangizo amene analembera oyamba kumene mu 1909 mudzadabwa, chifukwa mulibe nsupa, mulibe chizimba. Choyamba, khala ndi kope, ulembe chilichonse chimene wayesa, tsiku, nthawi, malo, nyengo, ndi mmene thupi ndi maganizo ako zinalili. Chachiwiri, phunzira kukhala chete osagwedezeka, ndipo mayeso ake anali kusenza kambale kodzaza madzi kwa ola lathunthu osataya dontho. Apa ndinaseka ndekha, abale. Amayi a kumudzi kwathu amasenza ndowa kuchokera kumjigo, mwana ali kumbuyo, nkhani ili mkamwa. Onsewo akanakhoza mayeso a mzunguyu tsiku loyamba. Chachitatu, iye mwini anachenjeza ophunzira kuti mizimu ndi milungu imene aone m'masomphenya asathamangire kunena kuti ilipodi kunja kwa mutu wawo.

Koma pisani dzanja mpaka pansi pa thumba. Crowley anasiyiridwa chuma chambiri cha kampani ya mowa ya makolo ake, ndipo anachimwaza chonse. Mu 1920 anatsegula nyumba ya otsatira ake ku Cefalù pa chilumba cha Sicily. Mu 1923 mnyamata wina wotsatira wake anadwala n'kumwalira komweko, ndipo boma la Mussolini linamuthamangitsa Crowley m'dzikomo. Mu 1934 analuza mlandu kukhoti ku London, chaka chotsatira n'kulengezedwa kuti walephera kubweza ngongole. Anamwalira mu 1947 m'nyumba yogona alendo ku Hastings, ali kapolo wa mankhwala a heroin. Ameneyu ndiye mwini wake wa liwulo. Ndiye munthu wina wa pa Facebook wokhala ndi chithunzi cha galimoto la eni ake akakuuzani kuti mutumize ndalama ya fomu kuti akulowetseni gulu lachinsinsi mulemere, mufunseni kuti mphunzitsi wamkuluyo anafa ndi zingati m'thumba. Kuona kwanga, pa katundu yense wa magick chimene chili ndi mtengo ndi kope lija, kukhala chete kuja ndi chenjezo lija. Zitatu zonsezo n'zaulere, ndipo Hervey anali nazo kale popanda mkanjo kapena lumbiro.

Kwa zaka zambiri anthu a sayansi sankakhulupirira kuti maloto ozindikira alipo. Ankati munthuyo amakhala atadzuka pang'ono n'kumangoganiza. Wanzeru wina wa ku America, Norman Malcolm, analemba buku mu 1959 lotsutsa zoti munthu angadziwe kanthu ali mtulo. Vuto linali umboni. Wolota ali yekhayekha, angakuuzeni bwanji ali mkatimo?

Khomo linali litatseguka kale mu 1953 ku yunivesite ya Chicago, pamene Eugene Aserinsky ndi Nathaniel Kleitman analengeza kuti pa nthawi zina za tulo maso a munthu amathamangathamanga pansi pa zikope, ndipo ukamudzutsa nthawi imeneyo amasimba maloto omveka bwino. Tulo timeneti amatitcha REM. Timabwera pafupifupi mphindi 90 zilizonse, ndipo timatalika kukamayandikira kucha. Pa nthawiyi ubongo umamanga minofu ya thupi kuti munthu asachite zimene akulota, koma maso ndi kupuma umazisiya.

Wophunzira wina ku yunivesite ya Hull ku England, Keith Hearne, anaganiza kuti ngati maso sanamangidwe, wolota akhoza kulankhula nawo. Anagwirizana ndi Alan Worsley, munthu amene ankalota mozindikira kawirikawiri, kuti akangozindikira aziyendetsa maso kumanzere ndi kumanja motsatana. Anamumata mawaya kumutu ndi m'mbali mwa maso, iye n'kuchezera usiku wonse akuyang'ana pepala lotuluka m'makina. M'mawa wa pa 12 April 1975, makina akusonyeza kuti Worsley ali mtulo ta REM, cholembera chinajambula mizere ikuluikulu ya uku ndi uku monga anapanganira. Unali uthenga woyamba wolembedwa wochokera kwa munthu ali mkati mwa maloto. Ku Stanford ku America, Stephen LaBerge anachita zomwezo payekha mu 1978, osadziwa za Hearne, iye mwini ndiye wogonayo. Magazini akuluakulu a sayansi anayamba akana kusindikiza, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1981. Mu 2021 magulu anayi a ofufuza a ku America, France, Germany ndi Netherlands anapitirira pamenepo ndi anthu 36. Ankawafunsa masamu ali mtulo. Wina atafunsidwa 8 kuchotsa 6 anayankha ndi maso kawiri. Mayankho olondola anali pafupifupi 18 pa mafunso 100 aliwonse, ochepa ndithu, koma okwanira kutseka mkangano. Maulendo a mzimu a Golden Dawn aja palibe makina amene anawatsimikizira chomwechi.

Ndiye inu ofuna kuyamba, muyambire pamene anayambira Hervey. Gulani kope la sukulu ndi cholembera, muziike pafupi ndi pilo. Mukadzuka musagwire foni, musatembenuke msanga, khalani kaye chete mukumbukire, kenako lembani ngakhale mzere umodzi ndi deti lake. Ife timadziwa kuti ngongole yosalemba imathawa m'mutu dzuwa lisanalowe. Maloto amathawa musanafike n'kubafa komwe. Pakatha masabata angapo werengani kopelo muone zimene zimabwerabwera: malemu agogo ali moyo, muli m'kalasi mukulemba mayeso chonsecho sukulu munasiya kalekale, minibasi ikuyenda pamadzi. Zimenezo ndiye miyala ija ya Oliver Fox, zizindikiro zanu zokuuzani kuti apa mukulota.

Masana tsatirani njira ya Paul Tholey wa ku Germany, amene anayamba mu 1959 kumadzifunsa kangapo patsiku ngati ali maso kapena akulota. Musangofunsa pakamwa, yesani. Tsinani mphuno mutseke pakamwa n'kuyesa kupuma, chifukwa m'maloto mpweya umalowabe. Kapena werengani mawu, muyang'ane kumbali, muwerengenso, poti m'maloto zolembedwa sizikhazikika. Ife ogwira ndalama tili ndi mwayi: yang'anani K2,000 kawiri muone ngati Chilembwe akadali pomwepo. Anzanu a benchi loyandikana adzangoti mukuopa ndalama zachinyengo.

Njira ya LaBerge ndi ya m'bandakucha. Mugone maola asanu, mudzuke, mukumbukire loto limene mumalota, kenako pogonanso muzibwereza mumtima kuti ulendo uno ndikalota ndikumbukira kuti ndikulota, uku mukudziona muli m'loto lomwe lija mutazindikira. Ofufuza a ku yunivesite ya Adelaide ku Australia anaiyesa mu 2017 ndi anthu 169. Amene anaphatikiza njirazi analota mozindikira pafupifupi maulendo 17 pa 100 aliwonse, ndipo amene ankagonanso mphindi zisanu zisanathe anafika pa 46. Werengani bwino manambalawo: mausiku ambiri sipachitika kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso kwa ife odzuka 4 koloko kukapikula, kudula tulo tsiku ndi tsiku n'kudzipha, mapeto ake ubweza chenje cholakwika. Yesani usiku umene mawa lake simulawirira. Likadzabwera loyamba limatha msanga chifukwa cha chisangalalo, ndiye khazikani mtima pansi, tikitani manja anu m'malotomo, muyang'ane pansi. Mapiritsi, chamba kapena zitsamba za wina aliyense zisalowepo. Ndipo ngati munadwalapo matenda a maganizo, kapena mumamva mawu amene ena sakuwamva, masewera ofunsa ngati muli maso kapena mukulota si anu, asiyeni.

Pali chinthu china chimene chikhoza kukupezani, makamaka mukamadula tulo. Mumadzuka maso ali tong'o koma thupi likukana, pachifuwa ngati pakhala munthu, pakhomo ngati paima chithunzithunzi, kukuwa osatheka. Kwathu kuno timadziwa dzina limene anthu amathamangira kutchula. Koma kumbukirani kumanga minofu kuja kwa tulo ta REM. Maganizo adzuka, chingwe cha thupi chisanamasulidwe, ndipo maloto akutayikira m'chipinda. Zimatha zokha m'masekondi kapena mphindi zochepa. Pumani pang'onopang'ono, yesani kugwedeza chala chimodzi.

Apa ndi pamene nkhani ya ku Hull ndi ku Paris ikutikhudza ife. Mzungu akalota akuuluka amakasimba pa tiyi anzake n'kuseka. Kwathu kuno kuuluka usiku kuli ndi lichero lake ndi mlandu wake. Mwana akanena m'mawa kuti usiku anauluka ndipo agogo akuti anali pomwepo, mawu amenewo akhoza kugwetsa nyumba ya munthu wosalakwa. Mu January 2016 ku Neno anthu okalamba anayi anaphedwa ndi gulu la anthu powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana wina m'mudzimo. Lamulo la Witchcraft Act la 1911 likugwirabe ntchito m'Malawi, ndipo limaletsa mbali zonse ziwiri: kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, kudzitcha kuti uli ndi mphamvu za ufiti ndi mlandunso. Ndiye inu amene mwatengeka ndi liwu la magick, musamadzitame nalo pa bawo kapena pa WhatsApp ngati mwapeza digiri. Ndipo tsiku limene mudzauluke m'maloto koyamba, n'kuona nkhope ya aneba anu kapena apongozi anu pansipo, kumbukirani kuti nkhopeyo yatuluka m'mutu mwanu momwemo, mwini wake ali kwawo akuliza mkonono. Lembani m'kope, muike deti, ndipo kopelo mulisunge kumene mumasunga la ngongole, kosafika alendo.